Funso la Tereza la Nthanda

Ndikukumbukira mbandakucha wa nyengo yokolola thonje kwathu, kufupi ndi Tamanda. Ine ndinali mbusa wa ng'ombe za atate, ndevu zitayamba kale kumera koma sukulu ndisanaipondeko. Mlongo wanga wamng'ono, Tereza, ndiye ankaphunzira kumishoni. Tinkatulukira limodzi, mame akutinyowetsa miyendo, fungo la khola likutiperekeza mpaka pamphambano.

Tsiku lina anaima n'kuloza kum'mawa.

"Achimwene, nthanda ija yapita kuti? Inkatulukira paphiri apo."

"Yatopa, yagona," ndinatero.

"Nyenyezi si ng'ombe zanu ayi. Ine ndikuganiza kuti ndi yomwe ija imawala madzulo. Imangosintha mbali."

Ndinaseka mpaka ng'ombe zinatembenuka. Iye sanaseke. Anaika dzungu pansi nati ndi dzuwa, n'kumazunguza kambewu ka mtedza m'mbali mwake, milomo ikugwedezeka. Anachedwa kusukulu, anakalandirako zikoti.

Chaka chotsatira ng'ombe zathu zinatha ndi matenda. Atate anati pakhomo pathu wophunzira akhale mmodzi, ndipo akhale mwamuna. Tereza anandipatsa sileti yake ataipukuta bwinobwino, iye n'kutenga khasu. Ndinakakhala pakati pa tiana, mawondo osakwana pabenchi, masamu akundizungulira mutu. Madzulo ankandiphunzitsa ndi iyeyo, manja ake atang'ambika ndi makoko a thonje. Ine ndinapita kutauni, ndinakhala kalaliki, ndakalambira ku Kapata kuno. Iye anakwatiwa kumudzi, n'kumwalira pobereka mwana wachitatu.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mdzukulu wanga wamkazi, Chisomo, ali kuyunivesite ku Lusaka, akuphunzira masamu, fizikisi ndi sayansi ya zakuthambo, ndipo palibe amene anamuuza kuti asiyire mlongo wake malo. Atabwera patchuthi ndinamufunsa funso lija la nthanda ndi nyenyezi ya madzulo, ngati ndikungocheza.

"Ndi imodzi, agogo," anayankha akusenda mbatata. "Ndi dziko ngati lathuli, limazungulira dzuwa. Nthawi zina timaliona m'mawa, nthawi zina madzulo. Anakuuzani ndani?"

"Agogo ako ena, amene sunawaone."

Tulo ta ukalamba n'tochepa, choncho nthanda ikamatuluka ndimakhala ndili kale pakhonde. Yankho ndili nalo tsopano. Koma mwini funso ali pansi pa mitengo kumudzi kuja, ndipo ndimalakalaka nditayendanso naye kamodzi kokha m'mame muja, ndimuuze kuti: Tereza, unalondola.