Tsiku limene ndinauluka m'kalasi

Ndili folomu 2 pasukulu ina ya pulayiveti ku Zingwangwa, imodzi mwa zija zinatsegulidwa paliponse matipate atangobwera, m'kalasi mwathu munabuka mkangano. Anyamata ankazemba kukaonera vidiyo kumsika, ndipo ankabwerako akulumbira kuti anthu a karate a m'mafilimu amatemera mankhwala owulutsa. Nanga munthu angachoke bwanji pansi n'kukatera padenga? Inenso ndinkakhulupirira.

Aphunzitsi athu a Chingerezi, mayi wamfupi wosachedwa kuseka, anatimvetsera akuseka mpaka misozi kulengeza. Kenako anati, "Lachisanu pasapezeke wojomba."

Lachisanulo anatulukira ndi alamu awo ojambula maukwati, chikamera chili paphewa, TV ndi deki zili pawilibala. Tinatchinga mawindo ndi zitenje. Palibe amene anakhazikika pampando.

"Iwe," anandiloza madamu, "kwera patebulo. Udumphe chambuyo, nkhope ukwinye ngati wakwiya."

Ndinakwera nditagwira siketi. Kawiri konse ndinalephera chifukwa cha phwete. Kachitatu ndinadumpha, n'kutera bwinobwino pasimenti.

Alamu aja anachotsa tepi m'kamera n'kuiika m'deki. Ndinadziona koyamba pa TV, makutu ali tong'o, ndikudumpha monga ndinachitira. Kenako madamu anadina batani lobweza filimu ikusewera. Mayo ine! Ndinanyamuka pansi, vuu, n'kukaima patebulo ngati mbalame.

Kalasi inaphulika. Ena ankamenya madesiki, mnzanga wina anagwa pabenchi akufuula kuti, "Mfiti! Takhala ndi mfiti!"

"Wadya mankhwala anji ameneyu?" anafunsa madamu.

"Palibe, madamu!"

"Ndiye mwaona chiyani?"

Apa m'pamene anatiuza kuti chithunzi chilichonse pali amene anachikonza. Wina anasankha poika kamera, wina anadula, wina analumikiza. "Mukamaonera muzifunsa: wandionetsa chiyani, wandibisira chiyani?" Anauza alamu awo kuti agone pansi andijambule chakumapazi. Ine, kamtsikana kokhala kutsogolo chifukwa cha kufupika, ndinaoneka chimphona choti anyamata n'kuthawa.

Phokoso lija linakoka ahedi. Analowa ndi nkhope yawo ya pa asembule. Madamu sanawiringule, anangowaonetsa kuuluka kwanga. Ahedi anavula magalasi, n'kuwapukuta.

"Inenso zingatheke?"

"Inu sitikuulutsani, bwana," anatero madamu. "Tikusowetsani."

Anawaimika pafupi ndi bolodi, kamera ili patebulo kuti isagwedezeke. Alamu anajambula pang'ono n'kuimitsa, ahedi anasuntha, anajambulanso bolodi lokha. Tonse tinaona mmene zachitikira, chinsinsi panalibe. Komabe titaonera pa TV ahedi ataima ndi tayi yawo, mwadzidzidzi kulibe, tinalulutira ngati paukwati. Anyamata anavina pamwamba pa madesiki.

"Mwasangalala chonchi kuti ndasowa?" anafunsa ahedi.

"Eee, sala!"

Anayesa kukwiya koma milomo inawakanika. Anakoka mpando wa madamu, n'kukhala kutsogolo kwenikweni, miyendo atapingasa.

"Tabwezaninso," anatero. "Koma pang'onopang'ono, ndione pamene mwandidula."

Belu lowerukira linalira tikuwasowetsa kachisanu ndi chiwiri.