Diresi la Mkazi wa a Mawamawa

Telala uja anthu ankamutcha a Mawamawa. Dzina lawo lenileni anali nalo, koma mukanalitchula mumsewu umene ankasokeramo palibe akanakulozerani. Dzina linalo analipata ndi pakamwa pawo. Ukapita kukatenga thalauza lako, ankakusuzumira pamwamba pa magalasi, ulusi uli lende pamlomo, n'kunena mwaulemu kuti, "Aaa, bwana, yatsala zipi yokha. Mawa, mawa ndithu." Unkachoka ukutukwana chamumtima. Koma mawa lakelo likakwana, chovala n'kukukhala bwino, mkwiyo wonse unkathera pagalasi. Dzanja anali nalo, pamenepo tisawalakwire.

Kachipinda kawo kanali pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Munali makina akale opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, galasi long'aluka pakona, ndi chingwe chopachikapo zovala zomwe zatha. Munthu wonenepa akalowa, wina ankayamba watuluka.

Mkazi wawo anamupeza m'kachipinda komweko adakali mnyamata. Mtsikanayo ankaimba kwaya ndipo anabwera kudzasoketsa siketi. A Mawamawa anamuyeza ndi tepi, siketi n'kutha tsiku lomwelo, koma anapitiriza kumuuza kuti abwere mawa pofuna kuti azimuona. Amayiwo atakalamba ankakonda kuwaseka nazo. "Siketi yanga ndinkaiona ili pachingwe, inu muli gwaa kunama. Ndinkangofuna ndione bodza lanu likathera pati." Linakathera kutsogolo kwa abusa.

Chiyambire tsiku limenelo sanawayezenso mkazi wawo. Mimba zonse, kunenepa kwa ukulu, zonsezo ankazisoka ndi maso. Anthu akadabwa, iwo ankanyadira. "Tepi ndi ya alendo," ankatero.

Ana atakula n'kubalalika, awiriwa anatsala okha ndi ntchito yawo. Bambo kudula ndi kusoka, mayi kusita ndi kuika mabatani, uku akung'ung'udza nyimbo za m'tchalitchi. Sanali anthu opemphera mokuwa ayi. Madzulo akadya, bambo ankawerenga ndime ya m'Baibulo, mayi n'kuyambitsa nyimbo, basi. Lamulungu makina ankafunditsidwa nsalu, ngakhale kubwere mkwati akulira.

Pakati pa chaka chimene tikunenachi, amayiwo anagwa pafupi ndi tebulo, simbi ili m'manja. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafa, pakamwa panapotoka, mawu n'kumatuluka limodzilimodzi. Dokotala ananenanso kuti mtima wawo watopa. Mng'ono wa amayiwo, yemwe anali wamasiye, anasamukira m'nyumbamo kudzawasamala. A Mawamawa nawo anachita zaumuna. Ankatseka dzuwa lisanalowe, kuwasambitsa nkhope, kuwatembenuza, kuwawerengera. Nyimbo ankaiyambitsa okha ndi mawu awo osasa aja, mpaka odwalawo kuseka ndi mbali imodzi ya kamwa.

Disembala atangoyamba, amayiwo anawaitana m'mawa.

"Abambo," anatero pang'onopang'ono, "Khirisimasi ino mundipititse ku tchalitchi. Ndikufuna ndikadye Mgonero pakati pa anthu. Osati pabedi pano."

"Tipita, amayi. Njinga ya olumala ndikabwereka."

"Ina sindikudziwa ngati ndidzaiona."

Mawu amenewo anawalasa a Mawamawa, ndipo mwamuna akalasidwa amathamangira chimene amadziwa. "Musayankhule choncho. Ndikusokerani diresi loti mpingo wonse utembenuke."

"Sindinapemphe diresi."

"Mkazi wa telala akalowe ndi chakale pa Khirisimasi? Anthu adzati chiyani?"

Amayiwo anatsinzina. Kuyankhula kunkawatopetsa.

Amene sanakhalepo pa makina mu Disembala sadziwa misala ya anthu. Munthu amakhala chaka chonse ndi nsalu m'sutikesi, koma mwezi umenewo ndi pomwe amakumbukira kuti alibe chovala. Kunabwera amayi ndi ana awo ndondondo, onse kufuna nsalu yofanana. Kunabwera bambo wina amene mimba inamuposa suti, akuti nsalu ndiyo yafota. Atsikana ankaonetsa zithunzi pafoni, zovala zoti ngakhale wosoka wake anazisoka atalota. A Mawamawa sankadziwa kukana. Aliyense ankamuyankha kuti, "Siyani pompo." Nsalu zinaunjikana mpaka galasi linabisika.

Kenaka kunabwera abusa eniake, atanyamula thumba.

"Achimwene, mpingo ukudalira inu. Ana ali ndi sewero la kubadwa kwa Ambuye. Pakufunika mikanjo ya angelo, ya abusa a nkhosa, ya anzeru a kum'mawa. Amayi a kwaya nawo akufuna mabulawuzi atsopano. Nanga nsalu ya paguwa ija mwaiona mmene yathera?"

A Mawamawa mtima unadzaza ndi chimwemwe. Iyi ndiye inali ntchito ya Mulungu. "Siyani pompo, abusa."

"Nanga amayi ali bwanji?"

"Akuyesera. Pa Khirisimasi muwaona."

Lamulungu loyamba a Mawamawa anapita ku tchalitchi, koma potuluka anadzera kukachipinda kuja, akuti kukangodula mapiko a angelo. Anavundukula makina akuyang'ana uku ndi uku ngati akuba. Lamulungu lotsatira amayiwo anadzuka ali ndi mphamvu, maso ali mbee, ndipo anapempha kuti ayeserere tsiku lomwelo kupita ku mapemphero.

"Lero ndikumva bwino, abambo."

"Osathamanga, amayi. Sungani mphamvuzo. Tsiku lake likubwera, ndipo diresi silinathe."

Silinathe chiyani, poti ngakhale nsalu yake anali asanaigule! Iwonso ku tchalitchi sanapite. Anakhala pa makina akusoka mabulawuzi a kwaya, belu likulira, n'kumadziuza kuti kusokera Mulungu n'kupemphera komwe. Taonani nzeru za munthu akafuna kudzinamiza. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusi uyu ankati mitengo yonse ndi ya Ambuye.

Kunyumba anasanduka mlendo. Ankatuluka anthu asanadzuke, n'kubwera odwala atagona. Ankaima pakhomo la chipinda, kuona kamutu kali pa pilo, bulangete mpaka m'khosi, n'kunong'ona kuti, "Gonani, amayi." Kusambitsa, kutembenuza, kudyetsa, zonse zinagwera mlamu wawo. Baibulo linakhala pawindo mpaka pachikuto pake panayamba kuikidwa makapu. Sikuti mtima sunkawatsutsa. Unkawatsutsa kwambiri, makamaka phazi likaima. N'chifukwa chake sankaliimitsa.

Tsiku lina masana mlamu wawo anawalondola kuntchito. Anaima pakhomo, poti mkati munalibe poponda.

"Alamu, achemwali sakudya."

"Mmm," anatero a Mawamawa, mapini ali m'kamwa, akupinda mpendero wa mayi wina.

"Ndati sakudya. Masupuni angapo, basi, atembenukira kukhoma."

Analavulira mapini m'dzanja. "Agulireni zipatso. Amakonda zipatso."

"Si za zipatso. Dzulo andifunsa ngati mubwere msanga mudzawawerengere. Ine ndayesa, koma akuti ndimathamanga."

"Auzeni kuti mawa."

"Mawa lanulo muziwauza makasitomala, alamu. Awo ndi akazi anu."

Mayi wopindidwa mpendero uja anatsokomola. A Mawamawa anachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka ukali. "Kodi ukuona ngati ndikusewera bawo pano? Mulu uwu ndi wa tchalitchi. Ukufuna angelo akaime opanda mapiko?"

Mlamuyo anatembenuka osatsanzika.

Zonse zinatha, poti zinthu za Disembala zimatha ndithu. Angelo anatenga mapiko awo, kwaya inatenga mabulawuzi, bambo wa mimba uja analowa m'suti yake. Litatsala tsiku limodzi, masana, a Mawamawa anatseka chitseko n'kuyala nsalu yabuluu, yofewa, yokwera mtengo kuposa zonse zimene zinadutsa patebulopo mwezi umenewo. Anatenga choko. Dzanja linayenda lokha, mapewa apa, chifuwa apa, chiuno apa. Anaika zipi yaitali kumsana kuti lisavute kuveka munthu wodwala, manja ake otakasuka, mkati nsalu yoterera kuti lisakande khungu. Anaganizira zonse. Posita diresilo anali akuimba, ndipo kwa nthawi yoyamba mwezi wonsewo mtima wawo unakhala m'malo. Ankaona kuti lonjezo alikwaniritsa.

M'mawa wa Khirisimasi njinga yobwereka ija inali pabalaza, yopukutidwa. A Mawamawa anavala suti yawo, n'kupereka diresi kwa mlamu wawo kuti akawaveke achemwali ake. Iwo anatsala akumanga tayi, akumvetsera kuti amve kufuula kwa chimwemwe.

Kunali zii. Patapita nthawi mlamuyo anatsegula chitseko.

"Alamu, lowani mudzaone ntchito yanu."

Makatani anali otsegula, kuwala kuli ngwee. Amayiwo anali atatsamiritsidwa pa mapilo, bulangete litachotsedwa. Diresi linali lokongola, inde. Koma mapewa ake anagwera m'mikono. Khosi lake linatsika n'kuonetsa mafupa. M'chiuno nsalu inangounjikana, yopanda choigwira, ndipo timanja tinatulukira m'manja mwa diresimo ngati timitengo. Munthu wina akanati diresi lakula. Telala sangatero. Diso lawo linawerenga pomwepo, osafuna, kuchuluka kwa thupi limene lachoka pa mkazi wawo mwezi umodzi wokha, iwo akugona naye m'nyumba imodzi.

Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ganizo lawo loyamba linapitabe ku nsalu.

"Avuleni," anatero a Mawamawa. "Ndithamange nalo, ndikalibweze m'mbalimu. Sinditenga nthawi. Tikafika ulaliki usanayambe."

"Mukafika ndi ndani?" anafunsa mlamuyo. "Tawaonani bwino. Ndayesa kuwakhazika, mutu ukungogwa. Sabata yonseyi sanathe kukhala tsonga. Pa njingapo sangafike ndi pamsewu pomwe. Ndinabwera kudzakuuzani, alamu."

A Mawamawa anagwira zipi ya diresi ngati sanamve. Apo dzanja lamoyo la amayiwo linawagwira pamkono. Linalibe mphamvu, mwana akanalichotsa, koma iwo anaima.

"Lisiyeni," anatero amayiwo. Anapuma, n'kusonkhanitsa mawu ena. "Amene mwamusokerayo... anali kuno mwezi watha."

Bamboyo anakhala m'mphepete mwa bedi, tayi ili pambali.

Mlamu wawo anapukuta m'maso n'kutenga chikwama chake. "Ndikupita. Mapemphero akatha ndikapempha abusa abwere nawo Mgonero kuno." Anatero akuyang'ana pansi, chifukwa onse atatu ankadziwa kuti chimenecho ndicho amayiwo anakana.

Atatuluka, m'nyumba munatsala phokoso la mumsewu. Belu linali likulira. Anthu ankadutsa pawindo magulumagulu, atatchena, akuseka. A Mawamawa ankazidziwa zovalazo chimodzichimodzi. Uyo bulawuzi ya kwaya, uyo suti ija, ako kamngelo kakukoka phiko limodzi m'fumbi. Mayi wina anawaona pawindo n'kukuwa mosangalala, "A Mawamawa, chaka chino mwatitchenetsa! Mulungu akudalitseni!" Iwo anakweza dzanja pang'ono. Akanakonda munthuyo akanawatukwana.

"Ndakulakwirani, amayi," anatero osawayang'ana. "Lamulungu lija munali ndi mphamvu. Ndikanakutengani."

"Eee," anayankha amayiwo. Sanawatonthoze ndi bodza. Zaka zonsezo sanali munthu wotero.

Belu linasiya. Msewu unakhala chete, kutanthauza kuti uko ayamba.

"Pempherani, abambo."

A Mawamawa anatseka maso n'kutsegula pakamwa. Munthu amene wapemphera moyo wake wonse, wotha kutsekera msonkhano wa mpingo popanda kukonzekera, anapeza kuti alibe mawu ndi amodzi omwe. Anachita mantha. Zimene zinkabwera m'mutu zinali miyezo ya anthu, ziuno ndi mapewa a mpingo wonse. Anakhala choncho, kukamwa kuli yasa.

Amayiwo ndiwo anayamba. Linali pemphero lija limene aliyense amaphunzira ali mwana, ndipo ankalikoka liwu limodzilimodzi ndi pakamwa pawo popotoka, malovu akutsikira pa kolala yatsopano. Mwamuna wawo ankabwereza pambuyo, mzere ndi mzere, atagwira kadzanja kaja m'manja mwawo monse muwiri. Anayenda bwino mpaka pamene pali mawu opempha chikhululukiro. Pamenepo a Mawamawa analephera kubwereza, mapewa n'kuyamba kugwedezeka.

Amayiwo sanapitirize okha. Anaima pomwepo, akupuma movutika, kudikira kuti amuna awo awapeze.