Nsalu ya Patebulo Pakati pa Mitu ya Ng'ombe

Ine sukulu ndinalekera panjira, koma kuwerenga sindinaleke. Nyuzipepala yokutira tomato, buku lotayidwa kuseri kwa shopu, ndimatola zonse. Ndiye mayi a kunyumba atayamba kusoka nsalu zoyala patebulo, ndinadzipatsa udindo: iwo azisoka, ine wa mabuku ndiziona za muyeso ndi mtengo. Palibe anandivotera.

Nsaluzo ndi zija zazitali, zopapatiza, zoyala pakati pa tebulo kuti mbale zikhalepo mwaulemu. Anaziona kwa adona amene amawagwirira ntchito ku Overport kuno ku Durban, nati mumtima, izi n'zigamba basi. Ine ndimasesa mufakitale ya zovala ku Mobeni, ndipo zidutswa zogwa pamakina akapitawo amatilola kutola. Mayi ankazidula timakona, kutilumikiza, kuika siponji yopyapyala pakati, n'kusokerera mizere yowirikiza mpaka nsalu kufufuma ngati mandasi. Imodzi inkadya madzulo a sabata yathunthu. Cholinga chawo chinali chimodzi: zikayamba kugulidwa asiye kukolopa m'nyumba za anthu, poti maondo anali atayamba kulira.

Vuto linali loti m'chipinda chathu mulibe tebulo. Timadyera pamphasa monga kwathu ku Mangochi. Atandifunsa kutalika kwake, ndinayeza mmene timayezera nsalu kumudzi, kuchokera pamphuno kufika kunsonga ya chala.

"Mkono ndi theka. Tebulo la munthu silipitirira apa."

"Mwatsimikiza, bambo?"

"Ndinawerenga."

Sindinawerenge paliponse. Ndipo sindinadziwe kuti ku Overport tsiku la Idi agogo, azakhali, apongozi ndi zidzukulu amakhala patebulo limodzi, lalitali ngati minibasi. Adona ataiyala nsalu yathu pamenepo, inaoneka ngati thewera loiwalika. Anayamikira kasokedwe, naibweza.

Wanzeru akanatenga tepi n'kukayeza tebulolo. Ine ndinatenga buku langa la malonda, lopanda chikuto, lotola kuseri kwa shopu, n'kutulukamo ndi chiphunzitso: olemera ndi ochepa, osauka ndi ambiri, titsitse mtengo. Ndinanyamula zonse kupita nazo ku Warwick, kwa mayi wina wogulitsa matawulo pafupi ndi renki ya matakisi, n'kutchula mtengo wotsika kuposa tawulo. Zinatha Loweruka lomwelo. Ndinabwerera ndikuyenda ngati mwini Durban.

Loweruka linzake tinapita tonse kukagula ulusi. Mayi anali atayamba kale kukonza mawu otsanzikira adona. Njira yachidule imadutsa kwa amayi ophika mitu ya ng'ombe, ndipo amene anafikako amadziwa: utsi, madzi ofiira oyenderera pansi, nkhwangwa ikugwa pafupa, ntchentche zonenepa ngati zili pamalipiro.

Ndinayamba kuiona ndine. Nsalu yathu yobiriwira, ya timakona tachikasu, imene mayi anaifumula kawiri chifukwa mzere umodzi unapindika. Mayi wina wophika anali ataipinda n'kugwirira mpoto wowira. Atatula mpoto anapukutira chikwanje, kenako thabwa, kenako thukuta la m'khosi. Mafuta anali atauma m'mizere monse, imvi imvi, ndipo pakona panakakamira ubweya ndi kanthu kena koyera kamene sindinafune kudziwa dzina lake. Pambali pake lilime la ng'ombe linali lendewu, ngati likutiseka.

Ndinayesa kuwakhotetsa mayi a kunyumba. "Tidzere uku, mayi, kuli matope."

Anali ataiona kale.

Ife m'tauni muno Chichewa timachisiya pakhomo ngati nsapato za pamzikiti. Pagulu timayankhula Chizulu chathu chothyokathyoka, kapena kungokhala chete. Koma tsikulo mayi anachitulutsa chonse, pakati pa msika, mokweza.

"Bambo! Imeneyo si yanga imeneyo? Maso anga ndathera pamenepo!"

"Pang'onopang'ono, anthu akumva."

"Amve! Ndinkasokera mamina a ng'ombe ine?"

Wophika uja anatiyang'ana, ndipo atamva kuti osoka ndi awa, nkhope inawala. Anatiuza m'Chizulu kuti chinthu chabwino chotere sanachionepo: moto sulowa, dzanja silipsa, kutalika kwake n'kokwanira makutu onse awiri a mpoto. Anzake onse anagula. Analoza mzere wonse, ndipo zoona, apa yofiira, apo yabuluu, zonse zakuda bii, ina yapindidwa nkhata pamutu pa wonyamula nkhuni.

"Eish, sisi, bweretsani zina!"

Mkono ndi theka wanga uja unali muyeso wa mpoto wa mitu ya ng'ombe. Ndipo pena mumtima, Mulungu andikhululukire, wa mabuku ananong'ona kuti msika taupeza. Ndinatsegula pakamwa. Mayi anandiyang'ana mmene anayang'anira chikwanje chija, ndinatseka.

Wophikayo sanalakwe kanthu. Anagula chotchipa kuposa tawulo, nachigwiritsa ntchito ya tawulo. Chimene chimandinyansa mpaka lero ndi ichi: mtengo ndinatchula ndine, ndipo mtengowo ndi umene unauza anthu chochita nayo nsaluyo.

Tinakwera takisi kubwerera kunyumba. Titafika, mayi anatenga tepi m'bokosi la makina awo osokera n'kuiika m'thumba la epuloni. Lolemba mayi sanawatsanzike adona. Anakolopa, kenako anayeza tebulo lija mbali zonse, n'kuwonjezera zikhato ziwiri zolendewera uku ndi uku.

Tsopano amasoka zazitali, ndipo mtengo amatchula okha, osaphethira. Ambiri amati wakwera n'kuchoka. Ena amagula, makamaka Idi ikayandikira, koma osati okwanira kuti maondo apume. Amakolopabe, ndipo akabwera akutsimphina ndimanena kuti ku Warwick akufunabe zija.

"Bambo, sungani ulusiwu," amatero, n'kundikoleka m'manja.

Ndiye udindo umene ndatsala nawo. Buku la malonda lija tinachindikira mwendo wa makina osokera, unkagwedera.