Chipeso cha a Narasamma Chinapsera M'mbaula Yanga

Mukafika kumudzi kwathu n'kufunsa kuti ndani ankapota ulusi wosalala kuposa wina aliyense, ngakhale mbuzi ikulozerani khonde la a Narasamma. Mukafunsanso kuti nanga chitsiru chija chinawotcha chipeso chawo chili kuti, musavutike, ndine ndili panoyu. Dzina langa ndi Kameswari, mtengwa wawo, mkazi wa mwana wawo mmodzi yekhayo, Simhachalam.

A Narasamma anayamba kupota ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amuna awo anamwalira iwo asanakwanitse zaka makumi atatu, n'kuwasiyira mwana, nyumba yodontha ndi gudumu lamatabwa lopotera ulusi. Mwanayo anamulera ndi gudumu lomwelo. Dzuwa likangotuluka ankakhala pakhonde, mwendo wina atapinda, dzanja lamanja likupukusa gudumu, lamanzere likukoka ulusi m'kampukutu ka thonje, pang'onopang'ono mpaka mkono wonse utatambasuka. Ulusi wake unali wochepa moti ine ndikaima pakhomo sindinkauona n'komwe, ndinkangoona nkhalamba ikuweyula mphepo. Chala chawo chachikulu chinaperepeseka mpaka kusalala see. Tsiku lina ku ofesi ya boma anawadinditsa papepala katatu konse, mizere osatuluka, mpaka kalaliki anawafunsa ngati anabadwa nacho chotero.

Ine ndinachokera mumzinda wa Visakhapatnam, mwana wa kalaliki wa kudoko, satifiketi ya sekondale m'sutikesi, matama odzaza dengu. Sabata yoyamba yomwe apongozi angawo anandikhazika pa gudumu. Ulusi unaduka kasanu ndi kawiri, ine n'kudzuka ndikusasa sari yanga, nsalu yaitali imene akazi akwathu timavala.

"Amayi, nsalu zili mbwee m'masitolo. Ine sindinapite kusukulu kuti ndizidzapukusa chimtengo."

Iwo anangotenga thonje lija n'kupitiriza pamene ndinasiyira. Koma kuyambira tsiku limenelo dzina langa linafa, ndinasanduka "a m'tauni". "A m'tauni, mpunga ukupserera." "A m'tauni, mwana akulira uyo, kapena kulera nakonso sikunali pa mayeso?" Zaka makumi awiri ndi ziwiri, abale, mawu oti "mwanangu" sanatulukepo m'kamwa mwawo kulunjika kwa ine. Ndinkayenda khosi lili njo ngati sizikundikhudza, koma zinkandiwawa zedi.

Thonje lakwathu lisanapotedwe limayamba lapesedwa likadali ndi njere zake, ndipo chipeso chake ndi nsagwada ya nsomba ya valuga yomangirira kukamtengo. Timano take tosongoka timachotsa zinyalala n'kuwongola thonje popanda kulidula. Cha a Narasamma chinali chitada bii ndi thukuta la zaka. Chinkakhala pawindo la pakhonde, mano ali pamtunda, ngati chikuseka aliyense wodutsa.

Tsono m'nyumba mwawo munali lamulo limodzi: mtsikana wa m'nyumbamo sakwatiwa atavala nsalu ya m'sitolo. Nsalu yoyera ya ukwati, ija timaipaka chikasu m'mphepete, ulusi wake uzipotedwa pakhonde lomwelo. Pamene mwana wanga Padmaja ankakwanitsa zaka makumi awiri, maso a agogo ake anali atachita ng'ala, dzanja likunjenjemera. Anayamba kupota ulusi wa nsaluyo mwamuna asanapezeke n'komwe.

"Iyi ndi yomaliza," anatero tsiku lina, osayang'ana aliyense. "Ndikamaliza ya Padmaja, gudumuli mulikweze kudenga."

Anali atadutsa theka pamene anthu a ku tauni ya Vizianagaram anatumiza mawu kuti akubwera kudzaona mtsikana. Banja labwino, la sitolo ya mankhwala, losadya nyama, nsomba ngakhale dzira. Ine mutu unandizungulira. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinajambula maluwa a ufa pabwalo mpaka msana kuuma gwa. Galimoto yawo itangomveka pamsewu, maso anga anagwera pawindo. Mayo ine! Chinsagwada cha nsomba chili pompo, pamene alendo osadya nsomba adzakhale. Apongozi anali m'nyumba akusintha zovala. Ndinachitsomphola, n'kuthamangira kuseri, n'kuchiponya m'mbaula yadothi yachiwiri, imene sitiigwiritsa ntchito masiku onse.

Inde, sitiigwiritsa ntchito masiku onse. Timaiyatsa kukabwera alendo. Munthu wa satifiketi ameneyo.

Alendo atakhala, ndinasonkha moto mbaula zonse ziwiri, ina khofi, ina mkaka. Ndikulowa ndi thireyi, fungo linali litanditsogolera kale. Mayi a mnyamata, a Satyavati, mayi wonenepa wa mphete zitatu pamphuno, anakwinya nkhope.

"Kodi oyandikana nawo akuwotcha nsomba?"

"Eetu mayi," ndinatero ine wopanda manyazi, "anthu ake ndi osalongosoka."

Anamwa khofi, anamuona Padmaja, anamukonda. Kenaka a Satyavati anasendera kufupi ndi apongozi anga n'kuwagwira bondo.

"Amayi, kunena zoona, chatikokera kuno ndi mbiri yanu. Malemu mayi anga nawonso ankapota. Tationetsani chipeso chanu, ndachisowa chinthu chimenechi."

A Narasamma anatambasula dzanja pawindo n'kupapasa. Anapapasanso. Kenaka anatukula mphuno m'mwamba, kununkhiza kawiri, n'kutembenukira kumene ndinaima.

"A m'tauni, mkakawu mwaphikira nkhuni zanji?"

Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika. Ndinaulula pomwepo, pamaso pa alendo, thireyi ili m'manja. A Satyavati anaseka mpaka misozi, mphete zonse zitatu zikugwedera.

"Koma mayi inu! Ife nsomba sitidya, koma sitinalumbire kuti sitidzaiona ndi maso!"

Ukwati anauvomera tsiku lomwelo, mwina pofuna kuti asataye mpongozi woseketsa chotere. Wansembe anawerenga nyenyezi zake n'kupeza kuti tsiku labwino lili patsogolo masiku makumi anayi, lina kulibe mpaka chaka chamawa. A Gurumurti, owomba nsalu a m'mudzi mwathu, anati ulusi wonse uwapeze kutatsala masiku khumi, apo ayi tisadzawanene.

Alendo atapita ndinafukula phulusa. Ndinapeza kafupa kopserera, mano onse atayoyoka. Ndinadikira kuti andilalatire, ndipo ndinkafunitsitsa atatero. Iwo anangokalandira, kukagudubuza pachikhatho.

"Kamtengo kake anasema ndi bambo ake a Simhachalam," anatero. Basi, mawu awo anali omwewo.

Mwina mukuti bwanji osakabwereka. Kwathu chipeso sabwerekana, monga momwe sabwerekana mswachi. Choncho m'mawa mwake ndinakwera basi kupita kumisika ya kumtsinje. Inali nyengo yotentha, mtsinje uli mchenga wokhawokha. Ine amene ndinali ndisanagulepo nsomba yaiwisi chibadwire, ndinachita manyazi kufunsa. Ndinangosankha chinsomba chachikulu cha ndevu, n'kuchikulunga m'nyuzipepala. M'basi anthu anandisiyira mpando wonse ndekha, kondakitala akulandira ndalama atatseka mphuno. Kunyumba apongozi anapisa chala m'kamwa mwa nsombayo n'kuchichotsa msanga.

"Iyi mukapesere njati, a m'tauni."

Safunsa anadya phula. Ulendo wachiwiri ndinameza matama n'kugwada pamaso pa mayi wina wogulitsa nsomba, dzina lake Polamma, wa ndudu pakamwa. Nditamufotokozera zonse anaitana anzake kuti nawonso amve, ndipo ndinabwereza nkhani yanga katatu msika wonse ukufa ndi phwete. Komabe anali munthu. Anati ndizibwera tsiku lililonse mpaka valuga itakodwa. Inakodwa tsiku lachisanu ndi chinayi. Anaichotsa nsagwada yekha, kuipala, kuiyanika padzuwa. Pamene chipeso chatsopano chinkafika m'manja mwa a Narasamma, masiku khumi ndi awiri anali atapita gudumu lili zii.

Nkhalamba inayamba kuthamangitsana ndi masiku. Kupesa, kuchotsa njere, kufufumitsa thonje ndi kauta, kupota, osapuma ngakhale dzuwa lili paliwombo. Mpunga unkazizirira pambali. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinamva gudumu litasiya kulira nthawi isanakwane. Nditatuluka ndinawapeza atakhala duu, dzanja lamanzere lili pamwendo litatupa ngati chubu cha njinga, misozi ikungotsika popanda mawu. Zaka zonsezo ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pamaliro. Ulusi unali utatsala gawo limodzi mwa magawo anayi.

Simhachalam, munthu wosakonda mavuto, anakanda mutu. "Amayi, tingogula wotsalawo kwa anzanu opota. Ndani angadziwe?"

"Ulusi wa m'nyumba ina ukakwatitse mwana wa m'nyumba ina," anayankha.

Padmaja sakanathandiza. Gudumu sanaligwirepo, ndipo amene anamuletsa ndine ndemwe, ati chimuwonongera sukulu. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna munthu wina woti ndimuloze chala, osamupeza. Ndinakwinyira sari m'chiuno n'kukhala pansi, pamalo pomwe ndinadzukapo zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo.

A Narasamma anasendera, n'kuika zala za dzanja labwinolo pa ulusi.

"Musakoke ngati mukutulutsa ng'ombe m'munda. Thonje salikakamiza, amachita kulipempha."

Ndinalipempha, likukana. Ndinalinyengerera, likuduka. Ndinalitukwana chamumtima, iwo n'kumva. "Mwalitukwana, a m'tauni, laumitsa khosi ilo." Akazi a m'mudzi ankadutsa dala pakhonde lathu popita kuchitsime, ena kawiri ndi mtsuko womwewo, kudzaona satifiketi ikupukusa chimtengo. Miyendo inachita dzanzi, phewa linkayaka moto, chala chinatuluka matuza n'kuphulika. Apongozi sanandiyamikirepo ngakhale kamodzi. Koma tsiku lachisanu ndi chitatu ndinatambasula mkono wonse ulusi osaduka, ndipo ndinamva akupuma mpweya wautali pambali panga. Tinamaliza tsiku lomwe a Gurumurti ananena.

A Gurumurti anayala ulusi wonse pamphasa. Wa apongozi unali ngati tsitsi la khanda. Atafika pa wanga anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Uwu wapota ndani? Anapota ndi mapazi?"

"Ndine," ndinatero motsitsa.

"Aaa, pepani mayi. Ayi, ndi wolimba ndithu, mbuzi singaudule." Anatembenukira kwa apongozi. "Musadandaule amayi, ndiubisa kumbali yolowa m'chiuno. Palibe adzauone."

"Ayi," anatero a Narasamma. "Muuike kunsonga yogwera paphewa."

"Paphewa? Pamene aliyense adzayambire kuyang'ana?"

"Mwandimva."

Ndinadziwa kuti chilango changa chafika. Zaka zonse zija anangosunga, tsopano afuna mudzi wonse ndi anthu a ku Vizianagaram aone manyazi anga atapachikidwa paphewa la mwana wanga. Ndinakalirira kuseri, pafupi ndi mbaula ija, ndipo sindikanawatsutsa chifukwa ndinkadziwa kuti n'zondiyenera.

M'mawa wa ukwati Padmaja anatuluka atavala nsalu yake, chikasu chili m'mphepete, maluwa m'tsitsi. Thupi lonse nsaluyo inkayenda ngati madzi. Paphewa pokha panali mabamphu, mizere ina yonenepa ina yowonda, zooneka munthu ali kutsidya la msewu. Akazi akwathu nsalu saiona ndi maso okha, amaigwira. Anamuzungulira mkwatibwi, zala zikuyenda, zikafika paphewa n'kuima. Ine ndinadzipatsa ntchito yogawa msuzi wa nandolo kuti ndisayang'anane ndi munthu.

A Satyavati ndi amene analimba mtima. Anagwira nsongayo n'kufunsa mwaulemu, koma mokweza, poti mawu awo sankadziwa kutsika.

"Amayi, apa dzanja linatopa eti?"

A Narasamma anali pampando wawo, mkono uli m'nsanza yomangirira kukhosi. Anadikira mpaka phokoso litatsika.

"Apo si ine. Apo wapota ndi mwana wanga, Kameswari. Manja ake ndi ogwirira khasu, ulusi wake mwauona nokha. Koma tsiku limene dzanja langa linakana, anakhala pansi. Muzigwira bwino pamenepo."

Dzina langa ndinali nditaiwala kuti amalidziwa. Chipande chinandipulumuka, msuzi wotentha n'kukhuthukira paphazi la amalume a mkwati, amene anavina gule amene sanali pa ndondomeko. Ndinawapepesa ndikulira, iwo n'kumaganiza kuti ndikulirira phazi lawo, mpaka anayamba kunditonthoza ndi iwowo.

A Narasamma anamwalira mvula yotsatira itangoyamba. Gudumu sitinalikweze kudenga. Ndimakhala nalo pakhonde dzuwa likatuluka, ndipo a Gurumurti amalandira ulusi wanga mokhulupirika n'kuwombera matawulo. Chipeso chili pawindo, mano pamtunda, kaya kubwere alendo otani. Chala changa chachikulu chayamba kusalala mbali imodzi, ndipo ndikakhala ndekha ndimachisisita, n'kudzitchula dzina langa momwe iwo analitchulira tsiku lija.