Tikiti Yanga Inatsukidwa ndi Sopo

Ndikukumbukira mzere wa malole pa boda ya ku Mchinji, mmene unkatalikira masiku amene mapepala achedwa ku ofesi. Kwathu kunali kufupi ndi pamenepo, ndipo nditasiya sukulu amayi ankandituma kukagulitsa mtedza wophika kwa madalaivala. Ndinali mwana wamanyazi kwambiri. Anzanga ankakuwa poitanira malonda, koma ine ndinkangoima pafupi ndi tayala la lole, beseni lili pamutu, kudikira kuti wina andione. Madalaivala ankandiseka kuti ndimagulitsa ndi maso.

Kumeneko n'kumene ndinamva koyamba gulu lina loimba la kutsidya, ku Zambia. Panali dalaivala wina amene ankatsekula zitseko zonse za lole yake n'kuika nyimbo zawo uku akuphika pa mbaula. Anyamata ankati nyimbo zimenezo ndi za roko. Ine sindinkadziwa kuti roko n'chiyani. Chimene ndinkadziwa n'chakuti munali gitala ina yolira ngati munthu. Inkayamba pansipansi ngati mayi amene akudandaula yekha kudimba, kenako n'kukwera mpaka thupi langa lonse kuchita tsemwe. Magitala amene ndinkawadziwa anali a zigubu, opangidwa ndi anyamata a m'mudzi, ndipo sankalira choncho. Tsiku lina dalaivala uja ataona kuti ndaima nthawi yaitali mtedza ukuzizira, anandiuza kuti woimba gitalayo ndi mzimayi. Mumtima ndinati akundinamiza. Ndinali ndisanaonepo mzimayi atagwira gitala.

M'chilimwe cha chaka chimenecho, pa mitengo ya m'mbali mwa msewu anamatapo mapepala. Kuwerenga ndinkachita kugwiragwira, koma zithunzi ndinaziona, ndipo mnzanga wina anandiwerengera zotsalazo. Gulu lija linali kubwera kudzaimba pa boma, Loweruka masana, m'bwalo la resitihausi ina. Kuyambira tsiku limenelo sindinkaganizanso china. Ndinkafuna kuona ndi maso anga ngati zala zoliza gitala ija zinalidi za mzimayi.

Amayi sanandikanize. Anati mtedza umene ndingakunkhe m'minda yokololedwa kale ndi wanga, ndigulitse ndione chochita. Ndinakunkha mpaka zikhadabo kuthothoka. Koma anandipatsa malamulo awiri. Loyamba, tsikulo ndidzawatengere azakhali anga dengu la mbatata, popeza ankakhala pa boma pomwepo. Lachiwiri, ndisadzayerekeze kuwauza azakhaliwo kumene ndikupita.

Azakhali anga aNaphiri, alongo awo a bambo, anali munthu woopedwa pa mtundu pathu. Anakulira kwa masisitere ku Guilleme, ndipo anachokako ndi zinthu ziwiri, korona ndi ukhondo. Pakhomo pawo ngakhale nkhuku zinkaoneka ngati zasamba. Za mabandi ankati ndi za anthu a kumowa, ndipo mwana wamkazi wopita kumeneko ndiye kuti makolo ake anamutaya.

Kupeza ndalama sikunavute ngati kupeza tikiti. Pa pepala paja analemba kuti matikiti akugulitsidwa pa golosale ina ya pa boma. Nditapita koyamba, mwini golosale anati sanafike, akadali ku Chipata. Nditapitanso anati afika, koma mnyamata wosunga wapita kumaliro ndipo wapita ndi makiyi a kabati. Ulendo wotsatira ndinaima pa kauntala nthawi yaitali, akuluakulu akundipitirira, ine osatha kutsekula pakamwa. Pamene mwini golosale anandifunsa chimene ndikufuna, n'kuti matikiti atatha. Panja ndinapeza anyamata osintha ndalama a pa boda atawagwira m'manja ngati makhadi a juga, akugulitsa pa mtengo umene mtedza wanga sukanafikapo ngakhale ndikanakunkha Mchinji yense. Ndinabwerera kwathu wapansi, fumbi lili m'kamwa, ndalama ili pa mfundo ya chitenje.

Mnzanga uja ndi amene anandiuza kuti ndisataye mtima, ena amalipira pakhomo tsiku lomwelo. Loweruka ndinalawirira, dengu la mbatata pamutu. Ndinapeza bwalo la resitihausi atalitchinga ndi mphasa ndi malata akale, ndipo anthu anali ataunjikana kale pa kakhomo kakang'ono. Mzere unalipo dzina lokha. Amuna ankakankhana ndi zigongono, fungo la thukuta ndi la kanyenya lili ponseponse. Chimene chinandipulumutsa ndi dengu lija. Anthu ankaopa kuti liwagwera, ndiye ankapatuka, mpaka ndinangozindikira ndafika kutsogolo.

Pakhomo panali bambo wamkulu thupi, wovala magalasi akuda. Analandira ndalama yanga, koma sanandipatse pepala. Anagwira dzanja langa lamanja, n'kulitembenuza, n'kudinda kuseri kwake chidindo cha inki yabuluu. Anati matikiti a mapepala anatha, tikiti yanga ndi imeneyo. Anatinso magetsi azima ndipo jenereta akukaibwereka, choncho amene adindidwa apite kaye akabwere dzuwa likapendeka.

Sindidzaiwala mmene ndinayendera kuchoka pamenepo. Dzanja ndinalitambasula patali ngati lathyoka, kuopa kuti lingakhudze chitenje. Thukuta likayamba ndinkaima pamthunzi n'kumaliuzira. Chidindocho chinali chozungulira, chokhala ndi kanyenyezi pakati, ndipo kwa ine chinali chokongola kuposa wotchi.

Azakhali anandilandira bwino. Anatula dengu, anafunsa za kumudzi mmodzimmodzi mpaka mbuzi, ine ndikuyankha nditagwada, dzanja nditalibisa kumbuyo. Kenako anatereka tiyi n'kuwotcha mbatata zina zomwe ndinabweretsa. Ndinkafuna kunena kuti ndakhuta, koma kwa azakhali mwana sakana chakudya. Anabwera ndi beseni ndi jagi ya madzi kuti andisambitse m'manja. Ndinapereka lamanzere lokha. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati kwathu tinayamba kudya ndi lamanzere. Ndinatulutsa lamanja pang'onopang'ono, chikhatho chili m'mwamba, ndikupemphera kuti madzi asafike kuseri.

Koma azakhali sankasambitsa mwana mwachidule. Analigwira dzanjalo, n'kulitembenuza.

"Nanga litsiro ili? Mtsikana wamkulu ngati iwe kumadzilembalemba ngati khoma la sukulu?"

Ndikanena, ndaphwanya lamulo la amayi. Ndikapanda kunena, tikiti yapita. Ndili mkati moganiza, iwo n'kuti atatenga kale sopo wochapira, wamtanda uja. Anapaka, anatikita ndi chala chachikulu, anatsuka, n'kupakanso. Ndinaona kanyenyezi kanga kakusungunuka, madzi a m'beseni akusanduka abuluu. Pomaliza anapukuta ndi nsonga ya chitenje chawo choyera cha kutchalitchi, n'kunena kuti tsopano ndaoneka ngati mwana wa munthu. Mbatata ija ndinaidya, koma sindinamve kukoma kwake.

Dzuwa litapendeka ndinatsanzika ngati ndikupita kumudzi, n'kuthamangira ku resitihausi. Ndinkaganiza kuti mwina bambo wa magalasi uja andikumbukira. Ndinamuonetsa dzanja. Linali loyera kuposa masiku onse a moyo wanga. Iye anaseka n'kunena kuti ana onse a pa boma akunena zomwezo, ena akumanyowetsa chidindo cha anzawo ndi malovu n'kudindana, koma ine ndaposa onse pobwera ndi dzanja lopanda kanthu. Anthu a pambuyo anaseka nawo. Ndinapatuka.

Nthawi yomweyo jenereta inalira, ng'oma zinagunda, ndipo gitala ija inayamba. Inali kuseri kwa mphasa chabe. Ndinayesa kusuzumira pa kabowo, koma ndinangoona misana ya anthu. Ndinakumbukira kuti dengu la amayi ndaliiwala kwa azakhali, ndipo ndinabwerera ndikulira njira yonse.

Ndinawapeza ali pakhonde akusankha nyemba, akudandaula za phokoso. Ataona maso anga anaika lichero pansi n'kufunsa amene wandimenya. Ndinapukusa mutu. Anafunsanso, ndipo ulendo uno mawu awo anali ofewa. Sindidziwa kumene mphamvu inachokera. Mwina ndi gitala ija, chifukwa inkamveka mpaka pakhondepo. Ndinawauza zonse, za malole, za mtedza wokunkha, za golosale, mpaka za chidindo chimene anachitsuka. Ndikuganiza kuti chibadwire ndinali ndisanalankhulepo mawu ambiri chotero kwa munthu wamkulu.

Azakhali anayang'ana chala chawo chachikulu, chimene chinali chikadali chabuluu m'mbali mwa chikhadabo. Anayang'ananso nsonga ya chitenje. Ndinkadikira kukalipiridwa, koma anangofunsa ngati mtedzawo ndinakunkha ndekha. Nditavomera, anaimirira, anamanga duku, n'kundigwira padzanja.

Anthu a pa boma ankawadziwa aNaphiri, ndipo atawaona akulunjika pa khomo la bandi anapatuka okha. Ena anabisa mabotolo kumbuyo. Azakhali anaima pamaso pa bambo wa magalasi uja n'kumuonetsa chala ndi nsonga ya chitenje.

"Achimwene, inki iyi mukuidziwa?"

"Ikuoneka ngati yathu, mayi."

"Ndi yanu. Inali pa dzanja la mwana uyu, ndaichotsa ndine ndi sopo wanga. Ndimayesa litsiro. Mwanayu analipira."

Bambo uja anavula magalasi, anayang'ana chalacho, n'kuyang'ana anthu amene anali atazungulira. Kenako anamwetulira.

"Mayi, lamulo lathu ndi lakuti amalowa ndi amene ali ndi inki. Ndiye olowa ndinu."

Anthu anafa nacho chiseko. Iye ankaganiza kuti wawagwira, poti aliyense ankadziwa kuti aNaphiri sangaponde malo otero. Azakhali sanaseke.

"Chabwino, ndilowa. Koma ine ndi maso angawa sindiyenda ndekha pagulu. Wondigwira dzanja ndi uyu."

Ndipo tinalowa, iwo patsogolo, ine pambuyo, ngakhale amene ankayenera kutsogoleredwa anali iwo.

Mkatimo phokoso linkagunda pachifuwa ngati mtondo. Fumbi linali litakwera, anthu akudumpha, masipika ataunjikidwa ngati matumba a chimanga. Azakhali anakankha njira mpaka kutsogolo, n'kundiimika pa kreti ya zakumwa. Ndipo ndinamuona. Anali mzimayi ndithu, wamfupi, woonda, wovala thalauza ndi nsapato zofumbira ngati zanga. Amuna oimba naye ankadumphadumpha ndi kukuwa, koma iye anaima pakona, mutu uli pansi, akuyang'ana zala zake. Sanalankhule ndi anthu ngakhale kamodzi. Anthu akamuimbira m'manja ankatembenukira kumbali. Ndinazindikira kuti nayenso ndi wamanyazi, kungoti iye anapeza chomulankhulira.

Azakhali anaima atapinda manja pachifuwa, nkhope ili gwa ngati ali pa maliro a munthu amene sankagwirizana naye. Koma ine ndinali pamwamba pa kreti, ndipo ndinkaona pansi. Phazi lawo lamanja linkamenya fumbi motsatira ng'oma. Potuluka anati linali phokoso lokhalokha, koma mzimayi ujayo Mulungu anamupatsa zala. Anandiperekeza mpaka pokwerera njinga za kabaza, n'kundiuza kuti amayi ndikawauze zonse, koma za phazi ayi. Apo m'pamene ndinadziwa kuti anandiona ndikuwayang'ana.

Masiku ano zinthu zinasintha. Chaka chatha kunabwera oimba ena ku Lilongwe, ndipo bambo a kunyumba kwanga anati tiyese. Matikiti ake anali ogula pafoni. Tinakwera pa chulu kufuna netiweki, foni ikungozungulira, ndipo pamene inatseguka inati otchipa atha. Ndinaseka ndekha, ndinati anyamata a pa boda aja sanapite kulikonse, anangolowa m'foni. Tikiti ya masiku ano sungaitsuke ndi sopo, ndi zoona. Koma ikakanika palibe khomo loti upiteko ndi azakhali ako, palibe munthu woti umuonetse chala.

Azakhali anatisiya, ndipo chitenje chija anandisiyira ine. Ngakhale anali aukhondo chotero, banga la pa nsonga lija silinachoke, ndipo sindikudziwa ngati linakana kapena sanafune kulichotsa. Gulu lija sindinalimvenso, ngakhale dzina la mzimayi uja sindinalidziwe.

Tsopano ndili ndi mwana wamkazi, wayamba kumene sukulu ya mkaka, ndipo manyazi anatengera ine. Dzana anabwera dzanja lili kumbuyo. Nditatenga jagi kuti ndimusambitse, anapereka lamanzere lokha. Nditalitembenuza lamanja ndinapeza kanthu kokhotakhota kolembedwa ndi bolopeni. Sopo anali kale m'manja mwanga, koma ndinamuika pansi n'kufunsa kuti chimenechi n'chiyani. Anatenga nthawi asanayankhe, ndipo ine ndinadikira. Kenako ananong'ona kuti ndi wotchi, aphunzitsi amujambulira chifukwa waimba yekha kutsogolo kwa anzake. Tsiku limenelo anadya ndi supuni.