Umboni Woloweza

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndisanapondeko m'kalasi, pamene alongo anga a Nankhoma anabereka mwana amene bambo wake anamukana. Bamboyo anali a Lekani, mwini zigafa za fodya kwathu kwa Kabudula. Ndine amene ankandituma kwa alongo angawo, lero sopo, tsiku lina chitenje, ndi uthenga woti akakumane kudimba. Mlandu wa chithandizo cha mwana utapita kukhoti, mboni ndinali ine ndekha.

Amayi ankaopa kuti ndikachita chibwibwi. Tikamasoka fodya ankandibwerezetsa mawu: uyambire apa, uthere apa. Munalibe bodza m'mawuwo, koma ndinawaloweza ngati nyimbo.

Tsikulo m'khoti munkanunkha thukuta ndi fumbi. Ndinayankhula osapumira, maso ali pansi. Nditamaliza, a Lekani anaimirira akumwetulira.

"Walankhula bwino mphwanga, eti? Wakuphunzitsa ndani?"

"Amayi," ndinayankha.

Anthu anaseka. Woweruza anandiuza kuti ndifotokozenso, kuyambira pa chitenje. Ndinasowa pogwira, chifukwa chitenje chinali pakati pa nyimbo yanga. Anandifunsa mtundu wake. Ndinkaudziwa. Chinali chobiriwira, ndipo alongo anga anali ataberekera mwanayo m'chitenje chomwecho, atakhala kumbuyo kwanga. Koma mawu amenewo amayi sanandipatse, choncho mtunduwo sindinautchule.

Woweruza anati khoti silingalamule munthu kulera mwana chifukwa cha mawu oloweza, popanda umboni wina wowachirikiza. A Lekani anakwera njinga yawo n'kumapita.

Pobwerera palibe amene anandikalipira, ndipo kukadakhala bwino akadandimenya. Mwana uja anakula akugwira ganyu m'zigafa za bambo ake omwe. Ine sukulu ndinaiyamba ndevu zitamera, ndipo kwa zaka zambiri ndinkadana ndi woweruza uja. Pano ndikuona kuti sanalakwe. Sanali kudimba. Chimene akadadalira chinali pakamwa panga, ndipo pakamwapo anamva amayi, osati ine.

Chaka chino mdzukulu wanga wamkazi ali ndi mlandu ngati womwewo, ndipo mboni ndi kamlongo kake. Dzana ndinapeza mayi wawo atakakhazika pakhonde, akukabwerezetsa mawu.

"Msiyeni mwanayo," ndinatero. "Akanene zimene anaona. Akachite chibwibwi, bola chikhale chake."