Lipoti lomwe linataya akamwini

Ntchito yanga yoyamba anandipezera a Zulu, mkulu wa mpingo wathu, amene ankagwira ku bungwe lina logawa mbewu pa boma la Chadiza. Atamva kuti ndinaphunzira kutaipa ku Chipata, anauza mayi kuti, "Mtsikanayu musamusunge pakhomo, abwere Lolemba." Mayi anawapatsa nkhuku pothokoza. Ine ndinkawaona ngati bambo anga achiwiri.

Muofesi munali kompyuta imodzi yoyendera jenereta, yofunditsidwa chitenje kuopa fumbi. A Zulu anandiphunzitsa kuti zonse zili m'matebulo atatu, mindandanda ya m'kompyutamo: la mabanja, la minda ndi la mbewu. Kuti lipoti la olandira mbewu lituluke, matebulowo tinkawalumikiza. Mabanja analibe manambala, ndiye tinkalumikiza pa dzina ndi mudzi. Ziwirizi zikafanana m'matebulo onse, banja linkalowa mulipoti. Zikasiyana, kompyuta inkangolisiya osanena kanthu.

Tsiku lotumiza mbewu ndinaona kuti lipoti lafupika. Ndinafufuza dzina la bambo anga, palibe. Tebulo la mabanja linalembedwa potsata chitupa cha mwamuna, pomwe pamakhala mudzi wobadwira. Koma kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi, chikamwini, ndipo munda umakhala komweko. Bambo pachitupa ndi a ku Mlolo, koma ankalima munda wa mayi ku Pembamoyo. Mudzi unasiyana m'matebulo, ndipo akamwini onse anagwa mulipoti chimodzimodzi.

Ndinathamangira kwa a Zulu kukawaonetsa.

"Waona bwino, mwana wanga," anatero. "Koma lole ikudikira panja. Sindikiza. Otsalawo tiwakonzera ulendo wachiwiri."

Ndinasindikiza. Mayi ndinawauza kuti asadandaule, mbewu yawo ikubwera.

Ulendo wachiwiri sunachitike. Mvula itagwa, amayi a ku Pembamoyo ndi Zingalume anabwera wapansi n'kudzakhala pakhonde la ofesi, matumba opanda kanthu ali m'manja. Nkhani inafika ku Chipata, ndipo bwana wamkulu anabwera yekha. Anatiitana tonse awiri n'kufunsa kuti zinatheka bwanji.

Ndinayang'ana a Zulu, mtima uli m'malo, podziwa kuti afotokoza. Iwo anapukusa mutu mwachisoni.

"Bwana, ine ndinamupatsa matebulo abwinobwino. Walumikiza molakwika, osandiuza. Ndimafuna kuthandiza mwana wa kumpingo, koma ndachita manyazi."

Ndinati, "Koma ndinakuuzani!" Mawu anatuluka ngati a mwana wogwidwa akuba shuga. Bwana sanandiyang'ane n'komwe. Makiyi a ofesi ndinawasiya patebulo tsiku lomwelo.

Kuchotsedwa ntchito kunandipweteka, koma osati ngati zakunyumba. Ndinafotokozera mayi zonse, iwo akusankha chimanga cha m'nkhokwe choti abzale.

"A Zulu ndi mkulu wa mpingo," anatero. "Anganamizire iwe kuti apeze chiyani?"

Lero ndine wokalamba pa ntchito ya malipoti. Sindilumikiza matebulo pa mayina, ndimafuna nambala. Ndikalumikiza, ndimayamba ndafufuza amene agwa, ndipo lipoti loperewera silituluka m'manja mwanga, kaya lole ikulira bwanji panja, kaya wolonjezayo andiitane kuti mwana wanga.

A Zulu anamwalira kalekale, koma mkwiyo sunandithere. Lamulungu lotsatira kuchotsedwa kwanga, mayi anagwira nkhuku ina n'kupita kukawapepesa chifukwa cha ine. Anailandira ndi manja awiri.